Tinapikisana ndi Dzuwa pa Phiri la Mulanje



Ife a kunyanja mtunda timauyesa ndi nkhafi. Munthu akafunsa kutalika kwa malo, timamuuza maola opalasa, n'kuwonjezera kuti zitengera ngati mwera walola. Za kukwera ndiye sitizidziwa kwenikweni, pakuti nyanja yathuyi ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yaikulu ya mchere. Tsono phiri la Mulanje nsonga yake yotchedwa Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo m'Malawi muno mulibenso malo ena okwera kuposa pamenepo. Ambiri a ife phirili timangolimva pa wailesi kapena kuliona pa kalendala ya m'sitolo. M'nkhani ino tikufuna tikufotokozereni za phirili monga momwe tinalionera ndi maso athu, pamene anthu khumi ndi awiri a m'mudzi mwathu m'boma la Mangochi tinakaliyenda mothamangitsana ndi dzuwa pofuna kupeza ndalama zokonzera mjigo.

Mpikisano wa mapotala

M'nyengo yozizira, kawirikawiri mwezi wa Julaye, ku Likhubula m'munsi mwa phirili kumachitika mpikisano wothamanga wotchedwa Porters Race. Unayamba m'zaka za m'ma 1990, ndipo poyamba unali wa mapotala okhaokha, anyamata amene ntchito yawo ndi kusenza katundu wa alendo ndi kuwatsogolera m'njira za m'phiri. Pambuyo pake unatsegulidwa kwa aliyense, amuna ndi akazi, a kuno ndi a kunja omwe, ndipo bungwe losamalira phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likuthandiza kuukonza. Othamanga amanyamukira pa ofesi ya za nkhalango ku Likhubula, n'kukwera mpaka ku Chambe, n'kudutsa pamwamba kukafika ku Lichenya, kenaka n'kutsikiranso ku Likhubula komweko. Mtunda wake ndi makilomita opitirira 20. Alendo wamba amaugawa masiku awiri, kugona pamwamba usiku umodzi, koma akatswiri amautsiriza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka, ena a iwo ali osavala nsapato. Edson Kumwamba, mwana wa ku Mulanje amene wakhala akuthamanga m'mapiri a ku South Africa ndi ku Ulaya, anaphunzirira m'njira zomwezi.

Kukwera phiri moyang'ana nthawi pofuna kuthandiza ovutika kulipo m'maiko ambiri. Ku Britain anthu amakwera mapiri atatu, Ben Nevis, Scafell Pike ndi Snowdon, m'maola 24, ndipo anzawo amalonjeza kupereka ndalama akakwanitsa. Lalitali mwa mapiri atatuwo, Ben Nevis, ndi mamita 1,345, osafika ndi theka lomwe la Sapitwa. Ku Blantyre nako a Mountain Club of Malawi ali ndi ulendo wawo wokwera Michiru, Ndirande ndi Soche tsiku limodzi. Ife tinatenga nzeru yomweyo, n'kusankha njira ya mapotala ija. Zothamanga sitikanatha. Tinalonjeza kuiyenda yonse kuyambira m'mawa titaswali Fajir, n'kukhala titabwerera pa ofesi dzuwa lisanalowe.

Chimene chinatidzutsa

Nonse mukukumbukira mliri wa kolera umene unabuka m'mwezi wa Malichi 2022 ku Machinga n'kufalikira dziko lonse mpaka mu 2023. Anthu oposa 1,700 anamwalira, ndipo boma la Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa koopsa. Chopweteka n'chakuti ife okhala pafupi ndi madzi ambiri chotere ndife amene timavutika kupeza madzi abwino akumwa, pakuti nyanja yomwe timasambamo ndi kuchapamo ndi yomwenso timatungamo mjigo ukafa. Mjigo wa pafupi ndi madrasa yathu, umene amatungapo mabanja ambiri, Asilamu ndi Akhristu omwe, unali utafa miyezi yambiri. Mapaipi anali atachita dzimbiri, ndodo zake zitaduka, simenti ya pozungulira itang'aluka. Ana anayambanso kutsikira kunyanja ndi zidebe.

Msonkhamsonkha wa tsiku la Ijuma sunali kukwanira. Tsono achinyamata anabwera ndi maganizo a phiriwa, ndipo titakambirana tinayendera eni maboti, ogulitsa usipa, eni magolosale ndi abale athu amene ali ku Joni. Pangano linali lotere: aliyense apereke theka la lonjezo lake tisananyamuke, theka linalo adzapereke pokhapokha tonse khumi ndi awiri titafika dzuwa lisanalowe. Mawu oti "tonse" anawonjezera ndi mkulu wina wa maboti, amene ananena moseka kuti anyamata awiri othamanga sangadyere ndalama gulu lonse. Panganolo linalembedwa pa pepala pamaso pa a shehe ndi a mfumu. Ndalama za ulendo aliyense anadzilipirira yekha, kuti ya mjigo isakhudzidwe ngakhale tambala. Tinali amuna asanu ndi atatu ndi amayi anayi. Wamng'ono anali ndi zaka 19, ndipo wamkulu anali msodzi wa zaka zoposa 50 amene tonse timawatcha Ambuje. Miyezi iwiri tinazolowetsa miyendo pa timapiri ta kwathu ndi mumchenga.

Kufika m'munsi mwa phiri

Tinanyamuka mwezi wa Julaye 2024, kudzera ku Liwonde, Zomba ndi Limbe, kumene tinalowa msewu wa Midima. Munthu ukadutsa pa Nkando phirili limakhala litadzaza maso, ndipo sulionanso ngati phiri limodzi ayi. Ndi dziko lathunthu lotukulidwa m'mwamba, la makoma amiyala yokhayokha, nsonga zambirimbiri zili pamwamba pake. M'munsi mwake mwazungulira minda ya tiyi yobiriwira, imene inayamba kuno cha m'ma 1891. Pa zipupa zina tinaona mizere yoyera yotsika kuchokera pamwamba. Tinauzidwa kuti ndi zipsera za napolo wa namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kumwera, ambiri a iwo a ku Mulanje ndi Phalombe. Achikulire a kumeneko amakumbukiranso napolo wa ku Phalombe wa mu 1991.

Sitinakhale alendo kwenikweni, pakuti Mulanje ndi kwawonso kwa Ayao. Mafumu monga Chikumbu ndi Mkanda ali m'boma lomweli pamodzi ndi Alhomwe ndi Amang'anja, ndipo mizikiti imaoneka m'misika ya m'njira. Pa Chitakale tinagula nthochi, nanazi ndi mtedza, n'kupatukira ku Likhubula kumene tinagona. Madzulo omwewo tinalembetsa maina pa ofesi ya za nkhalango, ndipo tinapatsidwa gaidi mmodzi ndi mapotala atatu. Gaidiyo, bambo wamfupi wolankhula modekha, atamva za pangano lathu anatiyang'ana kumapazi mmodzimmodzi, nati: "Achimwene, kukwera mukwera ndithu. Koma mundisungireko mphamvu za potsika."

Chitunda cha ku Chambe

Tinanyamuka 6 koloko m'mawa, kuzizira kukuluma zala. Njira yokwerera ku Chambe imatchedwa Skyline, potengera chingwe cha waya chimene kale chinkatsitsa matabwa kuchokera pamwamba. Ilibe chifundo njirayi. Poyamba imadutsa m'nkhalango ya masuku ndi mitengo ina yachilengedwe, kenaka imasanduka masitepe amiyala osatha, ndipo munthu umakwera pafupifupi mamita 1,000 usanaone pamalo pamene pali see. Ola loyamba nthabwala zinalipo. Lachiwiri kunangomveka kupuma. Anyamata amene amakoka chilimila usiku wonse osadandaula anayamba kufunsa ngati tayandikira, pakuti mphamvu ya msodzi ili m'manja ndi pamsana, pamene phiri limafuna ntchafu ndi mtima.

Ndi m'chitunda momwemo mmene tinakumana ndi eni phiri. Amayi anali kutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ena atavala masilipasi, ena opanda kanthu kuphazi. Anali atakwera kukadali mdima. Ife tinapatuka kuwapatsa njira, iwo n'kutipatsa moni osaima, pakuti wosenza katundu wotere akaima pamalo otsetsereka zimamuvuta kuyambanso. Mmodzi wa alongo athu anafunsa potala kuti amayiwa amachita zimenezi kangati. Anayankha kuti kangapo pa mlungu, ndipo mtolo umodzi ukagulitsidwa ndiye kuti ana adya tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo palibe anadandaulanso mokweza. Chimene ife tinakonzekera miyezi iwiri, n'kulemberana pepala, anzathu amachichita m'mawa asanapite kukaphika.

Tinafika pamwamba nthawi itangopitirira 9 koloko. Ku Chambe kuli chidikha chachikulu chozunguliridwa ndi nsonga, udzu wake wofiirira chifukwa cha chisanu, timitsinje tikuyenda mbali zonse. Kumadzulo kwake kwaima nsonga ya Chambe, imene khoma lake loyang'ana kumene kumalowera dzuwa limatsika pafupifupi mamita 1,700, ndipo limadziwika kwa akatswiri okwera miyala ndi zingwe kuti ndi limodzi mwa makoma aatali koposa mu Africa. Titacheuka tinaona dziko lili pansi pathu ngati mkeka, minda, misewu ndi utsi wa m'midzi. Ambuje anangoti "Subhanallah," n'kukhala pansi.

Zitsa za mkungudza

Pochoka ku Chambe kulowera ku Lichenya njira imakwera ndi kutsika m'zitunda ndi m'makwawa. Gaidi wathu anatiimitsa pa chitsa chachikulu chotuwa, nakanda pang'ono ndi mpeni, natiuza kuti tinunkhize. Ambuje anali oyamba kulizindikira fungolo. "Ili ndi boti," anatero. Zoonadi, unali mkungudza wa Mulanje, mtengo umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa phiri lino. Thabwa lake chiswe sichidya ndipo siliola msanga m'madzi, n'chifukwa chake kwa zaka zambiri linkafunidwa popangira zitseko, madenga, timabokosi togulitsa kwa alendo, ndiponso maboti a pa nyanja yathu.

Phirili linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 1984 mkungudza unalengezedwa kuti ndi mtengo wa fuko la Malawi. Koma macheka ndi moto sizinaleke. Pamene akatswiri anawerenga mu 2017, anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha itatsala m'phiri lonse. Kuchokera nthawi imeneyo a Mulanje Mountain Conservation Trust, a za nkhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akufesa ndi kubzala mbande zikwizikwi, ndipo tinaziona zina zikukula, zofika m'chiuno ndi zina zopitirira mutu. Mdani wake wamkulu ndi moto wa m'chilimwe. Mkungudza umatenga zaka makumimakumi kuti ufike pocheka, choncho amene akubzala lero sadzaona thabwa lake.

Nkhani ya mitengoyi ndi nkhani ya madzi, ndipo apa ndi pamene ulendo wathu unakumana ndi cholinga chake. M'phiri muno mumachokera mitsinje ya Ruo, Likhubula, Lichenya, Thuchila, Sombani, Muloza ndi ina. Nkhalango ndi udzu wa pamwamba zimagwira mvula ndi nkhungu, n'kumatulutsa madziwo pang'onopang'ono chaka chonse. Zikachoka, madzi amatsika tsiku limodzi ndi miyala yomwe, ndipo m'chilimwe mitsinje imaphwa. Madzi a m'phirili amamwa anthu a ku Mulanje ndi Phalombe kudzera m'mipope yongoyenda yokha popanda injini, ndipo ena amatengedwa ku Likhubula kupita ku Blantyre. Ife amene tinabwera kudzafuna ndalama za madzi a kwathu tinali titaima pamene madzi a anzathu amabadwira.

Nkhungu ndi swala

Cha m'ma 12 koloko thambo linasintha. Kuchokera kum'mawa kunabwera nkhungu yozizira ya mvula yowaza, imene eni ake amaitcha chiperoni, potengera phiri la Chiperone la ku Mozambique kumene imadzera. Imabwera nyengo yomweyo imene ife timavutika ndi mwera. M'kanthawi kochepa wakutsogolo sanaonekenso kwa wakumbuyo. Gaidi anatiika pa mzere, potala mmodzi pakati, wina kumapeto, natiletsa kupatuka ngakhale kukataya madzi osanena. Anatikumbutsa kuti mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anasowa m'phirili atakwera yekha, ndipo mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anamwalira atasiya womutsogolera n'kupitirira yekha ku Sapitwa. Anthu a kuno ali ndi nkhani zawo zamakedzana zonena za mizimu ya makolo yokhala m'phirimu, ndipo miyambo imeneyi ndi imene inachititsa kuti mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO liike phirili m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse. Gaidi wathu sanalimbane nafe pa za chikhulupiriro. Anangoti phiri silifuna munthu wamwano, ndipo pamenepo tonse tinagwirizana.

Pafupi ndi Lichenya tinaima pa kamtsinje. Wudhu wa madzi amenewo sitidzauiwala, pakuti zala zinauma osamvanso kanthu. Tinayala zitenje pa thanthwe, n'kuswali Zuhur ndi Asir pamodzi monga momwe a shehe anatilangizira kuti n'zololedwa kwa apaulendo. Mapotala, amene sanali Asilamu, anadikira chapatali mwaulemu. Titatha tinadyera pamodzi mbatata, mtedza ndi usipa wokazinga umene tinachoka nawo kwathu. Nthawi inali itakwana 1 koloko, ndipo malinga ndi gaidi tinali bwino.

Potsika

Mawu a gaidi aja tinawamvetsa tsopano. Kutsika kuchokera ku Lichenya ndi kwa miyala yoterera ndi chiperoni, ndipo phazi lililonse limagunda m'bondo. Titatsika ngati ola limodzi, bondo la Ambuje linakana. Anayesa kulimba mtima, koma tinaona nkhope yawo. Amayi ena anang'amba chitenje n'kulimanga, potala anadula ndodo, ndipo ulendo unasanduka wa tsokonombwe amene anatha mtunda n'kudumpha.

Anyamata ena anawerengera nthawi n'kuona kuti sitifika. Ambuje eni ake anati: "Ananga, pitani. Mundisiyire potala mmodzi, ine ndibwera pambuyo." Mnyamata wina anaganiza zoti awabereke mosinthana n'kuthamanga nawo. Gaidi anakana kwamtuwagalu, nati pa miyala yotere akagwa wobereka avulala awiri, ndipo kutsitsa munthu wothyoka pa machira kumafuna amuna ambiri ndi usiku wathunthu. Mayi wamkulu pa gulu lathu ndiye anatseka nkhani. Anati pepala linati "tonse," choncho kufika khumi ndi mmodzi n'chimodzimodzi kusafika, ndipo iye sakanatha kukayang'ana mkazi wa Ambuje kumaso atawasiya amuna awo m'nkhungu.

Tinatsika choncho, pang'onopang'ono. Mapotala awiri anapatsa mnzawo katundu yense, iwo n'kuwagwira Ambuje uku ndi uku, kuwauza mwala woponda ndi wopewa. Ntchito imeneyi sinali pa mtengo umene tinagwirizana, ndipo sanatchule za ndalama. Nkhungu inatsala kumwamba, dzuwa linaonekanso litafiira, likutsikira kumadzulo mofulumira kuposa ife. Tinamva mkokomo wa mathithi a Dziwe la Nkhalamba, koma sitinapatukeko. Dzuwa linalowa cha m'ma 5:20 tikadali m'nkhalango. Pa ofesi tinafika nthawi ikuyandikira 6 koloko, tonse khumi ndi awiri, Ambuje akuyenda ndi miyendo yawo.

Kunalibe mboni ya kwathu pamenepo. Titaswali Magharib tinapempha gaidi kuti alembe pa pepala lathu nthawi yeniyeni imene tinafika, nasaina. Ndalama ya sadaka ndi amana, ndipo madzi ogulidwa ndi bodza sitikanafuna kuti ana athu amwe.

Zotsatira zake

Ijuma yotsatira pepalalo linawerengedwa pa mzikiti. Ambiri mwa olonjeza anapereka theka lotsala lija osafunsa kanthu, ndipo woyamba anali mkulu wa maboti amene anaumirira mawu oti "tonse." Awiri anati pangano ndi pangano, dzuwa linalowa, ndipo sanapereke. Unali ufulu wawo, ndipo palibe amene anawanena. Ndalama zinaperewera pang'ono. Amayi oyanika usipa anasonkha chotsalacho m'milungu yotsatira, ndipo mjigo unayambanso kutulutsa madzi mvula isanagwe. Mutu umodzi susenza denga. Komiti ya mjigo tsopano imatolera kangachepe mwezi uliwonse, kuti ukadzafanso tisadzadikire phiri.

Kwa amene mungafune kuyesa

Mabanja ndi magulu a achinyamata amene mukufuna kuchita zonga izi, nawa malangizo ochokera m'maondo athu. Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mvula itatha ndipo kutentha kusanayambe, koma tengani majuzi ndi chodzitetezera ku mvula, pakuti pamwamba usiku madzi amatha kuuma. Zolowetsani miyendo kutsika, osati kukwera kokha. Nsapato zikhale zakale zozolowera phazi. Alongo athu anayenda bwino atavala buluku mkati mwa chitenje ndi mpango wochindikala kumutu. Nthawi ya pangano muiyese ndi munthu wofooka koposa pa gulu lanu, ndipo mugwirizane musananyamuke chimene mudzachite wina akalephera. Amene simukufuna zothamangitsana ndi dzuwa, pamwamba pali nyumba zogona alendo ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo ndi kwina, iliyonse ili ndi mlonda wake.

Musakwere opanda gaidi wolembedwa ku ofesi ya za nkhalango. Safunsa anadya phula. Ndipo powerengera ndalama za ulendo, malipiro a gaidi ndi mapotala muwaike poyambirira, osanenerera, n'kuwonjezerapo ngati mungathe. Anthu amenewa ntchito yawo ndi ya nyengo, ndipo amatha kukhala milungu osapeza mlendo. Sikungakhale koyenera kupita kukafunira sadaka anthu a kwanu kwinaku mukufinya amene akukusenzerani katundu. Musagule kabokosi kapena thabwa la mkungudza, musayatse moto patchire, ndipo zinyalala zanu mutsike nazo.

Allah awadalitse anthu a m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndipo atipatse tonse madzi abwino.